Tinathawa ndi mwana wam'chikuta

M'mawa umenewo ndinkayanika nsanza za mwana pa mpanda wa bafa. Mvula inali itagwa masiku otsatizana, ndipo dzuwa linali litangotuluka. Mfuti yoyamba inalira cha kuchigayo. Ndinaganiza kuti lamba wa chigayo waduka. Kenaka nkhuku zonse zinalowa pansi pa nkhokwe, ndipo utsi unakwera kumene kunali sukulu.

Mudzi wathu unali ku Mozambiki, kuseri kwa mapiri amene mumawaona mukaima ku Neno n'kuyang'ana kumadzulo. Inu obadwa dzana mumapita kumeneko pa njinga zamoto kukagula nyemba. Ife tinachokako tikuthamanga. Amfutiwo sindinawaone nkhope, ndipo musandifunse kuti anali a mbali iti.

Ndinali kamtsikana kosatha msinkhu. Amayi anali atamwalira, ndiye ndinkakhala kwa achemwali anga, a Felista, ndi amuna awo, a Zuze. Alamuwa anali munthu wanthabwala. Ankandiitana kuti mkazi wawo wamng'ono, monga amachitira alamu, ine n'kumawagenda ndi zitsononkho.

Achemwali anali m'chikuta. Anali atangobereka mwana wamkazi, mchombo usanagwe, dzina asanapatsidwe. Kwathu mwana wotere ankati ndi wozizira. Munthu wamkulu amene wagona ndi mwamuna kapena mkazi m'masiku amenewo ankati ndi wotentha, ndipo akamukhudza mwanayo amamudula: masaya ndi mapazi zimatupa, kenaka amafa. Bambo wa mwana ankayenera kudzisunga kuyambira mimba itakula. Wodzisunga analibe choopa. Ine, pokhala mwana, ndinkaloledwa kumugwira nthawi ina iliyonse.

Achemwali anatuluka m'nyumba atagwira khoma. Kubereka kunali kovuta ndipo magazi anali asanaleke. Anandibereketsa mwana ndi nsalu yawo yatsopano, n'kumanga mfundo yolimba pachifuwa panga. Alamu anawagwira m'chiuno. Chitseko sitinatseke.

Tinadutsa m'minda ya chimanga titawerama. Mwana wa masiku ochepa salemera. Amangofunda kumsana ngati mbatata yochokera m'phulusa. Sankalira, ndipo zimenezo n'zimene zinkandiopsa. Ndinkaima pafupipafupi kuti ndimve ngati akupuma.

Dzuwa lili pamutu tinafika pamtsinje. Masiku onse tinkauwoloka madzi ali m'mawondo. Tsiku limenelo unali wofiira, ukukokolola nthochi zathunthu. Anthu ena anali kale m'madzimo, ndipo amuna aatali madziwo ankawafika m'khwapa. Ine akanandimiza ndi mutu womwe. Kumbuyo, mfuti zinkamveka pafupi kuposa m'mawa.

Achemwali anamasula mwana kumsana kwanga n'kumupereka kwa alamu.

"Bambo ake, yambani mwawolotsa uyu."

Alamu anaika manja kumbuyo.

Achemwali anabwereza. Alamu anayang'ana pansi, manja ali kumbuyo komweko. Ndinali mwana, koma ndinamvetsa. Alamu sanadzisunge. Panali mkazi wina. Achemwali anawayang'ana nthawi yaitali.

"Tikakamba kutsidya," anatero.

Alamu anagwada pamchenga n'kundiuza kuti ndikwere m'khosi. Achemwali anandimangiranso mwana kumsana, m'mwamba kwenikweni, n'kupindira timiyendo take m'nsalu kuti tisakhudze bambo ake. Ndinagwira mutu wa alamu ndi manja onse. Tsitsi lawo linkanunkha fodya.

Pakati pa mtsinje anaponda mwala woterera. Anamira mpaka mphuno. Madzi anandifika m'chiuno, ndipo mwana analira koyamba chichokereni kunyumba. Manja a alamu sanachoke mu akakolo anga. Anandifinya moti zala zawo zinasiya mabala. Anadzuka akutsokomola, n'kupitiriza.

Banja limene linkawoloka chakumunsi kwathu linataya kamnyamata. Ndinaona malaya ake achikasu akutembenuka pamadzi, kenaka osaonekanso. Amake sanakuwe. Anangofika kutsidya n'kukhala pansi, dengu lili pamutu.

Alamu ananditsitsa pa udzu n'kubwerera kukatenga achemwali. Atawafikitsa, sanakhale pansi. Anati akupita kukatenga amayi awo, amene sankaona bwino ndipo ankakhala mudzi wina kumtunda kwa mtsinje. Anandipempha kuti ndivundukule nsalu kuti aone nkhope ya mwana. Anaima chapatali, atawerama, manja ali pa mawondo. Atayang'ana mokwanira analowanso m'madzi. Nkhani yokakamba kutsidya ija sinakambidwe.

Ife tinatsata anthu. Achemwali ankayenda ndi ndodo, akatopa n'kugona pansi, ine n'kuwaikira mwana pabere. Pamudzi wina wa m'mapiri amayi ena anatipatsa chinangwa chophika ndi malo m'tchalitchi chofolera udzu. Sanatifunse mayina. Mchombo unagwera m'njira, ndipo achemwali anaukwirira pansi pa msuku, popanda azamba, popanda mwambo. Kenaka lole ina inatitenga kupita ku Chifunga, kumene ankasunga othawa nkhondo.

Ku Chifunga ana ambiri anatupa masaya ndi mapazi. Akuluakulu ankati ndi mdulo. Anamwino ankati ndi njala, n'kumawapatsa phala, ndipo ambiri anachira. Ine ndinkangoona. Ndinadzamvetsa bwino nditakula, nditabereka anga kuchipatala, aliyense wodutsa akuwagwira masaya koma osatupa. Pamenepo ndinakwiya. Ndiye kuti alamu akanatha kumunyamula mwana wawo, eti? Mkwiyo umenewu ndinayenda nawo zaka zambiri, osadziwa woupatsa, kaya azamba, kaya makolo, kaya Mulungu.

Kutchalitchi amakonda kundiuza kuti Mulungu anandipulumutsa ndi cholinga. Ndimavomera ndi mutu kuti nkhani ithe. Nanga wa malaya achikasu uja analakwa chiyani kuti iye asakhale ndi cholinga? Ndinafunsapo abusa angapo. Wina ananditsegulira vesi, wina anandipempherera kuti mzimu wokayika uchoke. Ndinasiya kuwavutitsa, nawonso ndi anthu.

Chimene ndinadzapeza ndekha, ndili pabenchi langa la tomato ku Lisungwi, n'chaching'ono. Alamu akanatha kungomulandira mwanayo osanena kanthu. Panalibe wodziwa. Koma iwo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti manja awo amupha, ndiye anasankha manyazi pamaso pa mkazi wawo, mfuti zikulira kumbuyo. Anali munthu wochimwa, ndipo tchimo lawo analiulula okha kuti mwana akhale moyo. Nditaona zimenezi mkwiyo unayamba kuchepa. Mwambo uja mwina unali wolakwika, koma mtima umene unaika manja kumbuyo sunalakwe. Ndikamapemphera masiku ano ndimapemphera kwa Mulungu amene anali pamchenga paja, amene sanaletse nkhondo, koma sanachite manyazi kugwiritsa ntchito khosi la munthu ngati a Zuze. Za cholinga cha moyo wanga sindinganame kuti ndikuchidziwa. Ndinapatsidwa mwana kuti ndinyamule, ndinanyamula, ndipo pambuyo pake panabwera ena ofuna kunyamulidwa.

Mwanayo tinamutcha Joana. Sanatupe. Nkhondo itatha ambiri anabwerera kwawo, koma ife tinatsala, ndipo ine ndinakwatiwa konkuno. Ndinapitako kamodzi kumudzi kukafunsa. Pamene panali nyumba yathu panamera nsungwi. Palibe amene anawaonapo alamu kapena amayi awo. Achemwali anakhala moyo mpaka imvi, koma anamwalira akunenabe kuti amuna awo anabwerera kwa mkazi wina uja, osati kwa amayi awo. Ine sindikudziwa, ndipo ndimawasowa onse awiri.

Joana amasoka zovala pa Neno boma, ndipo ali ndi ana akeake. Tsiku lina akundiyeza diresi, atagwada, mapini ali pakamwa, anafunsa osandiyang'ana.

"Mayi aang'ono, kodi bambo anga anandinyamulako ngakhale kamodzi?"

"Ayi," ndinatero. "Ananyamula ine, iwe uli kumsana kwanga."