Vidiyo imene ndinawaonetsa atsibweni

Mpaka lero ndikaona amayi akumanga patapata wakumanzere ndi kansalu kuti asavuke, mtima umandiwira. Patapata amagwira pachala chachikulu. Amayi chala chimenecho alibe, pamodzi ndi zina ziwiri. Ndipo ndikudziwa tsiku limene zala zimenezo zinayamba kupita: tsiku limene ine, mwana wanzeru zapafoni, ndinatulutsa foni pamaso pa atsibweni.

Amayi ndi mlimi wa kachewere kuno ku Tsangano. Mwendo unayamba ndi kuzizira. Kwathu kumazizira kale, ndiye aliyense ankangoti ndi chisanu. Chisanu chanji chosankha mwendo umodzi? Akamachokera kudimba katumba kamawagwira, amaima, amapuma, amayendanso. Kenako chala chachikulu chinayamba kuda.

Kuchipatala chapaboma anatipatsa giya, kapepala kotitumiza kuchipatala chokulirapo. Tinakwera shapa, kaminibasi kakwathu kuno, ine ndi amayi. Kumeneko adotolo, mayi wachitsikana ndithu, anagwira phazi, kufunafuna pogunda magazi, osapapeza. Anaunika mwendowo ndi makina, kenako anandiitana chifukwa Chipwitikizi ndimachimva kuposa amayi.

"Mtsempha watsekeka," anatero. "Koma chithunzi chojambulira kunja chili ngati mthunzi wa munthu pakhoma. Umaona kuti alipo, nkhope suiona. Kumzinda waukulu kummwera kuli anzanga amene amalowetsa kachubu kowonda mumtsempha, kunsonga kwake kuli kadiso. Amaona mkati mwenimwenimo, amayeza bwinobwino, amatsegula. Musachedwe." Anatilembera giya ina, ndi tsiku loti tikafike kumeneko.

Epa! Ine mutu unayaka. Titangobwerera ndinakwera pachulu paja timapezera rede, netiweki ya foni, mamega onse a intaneti ndinathera pomwepo. Ndinaonera mavidiyo mpaka foni kutentha. Ndinamvetsa, ndikukuuzani, ndinamvetsa! Zili ngati paipi yathu yothirira kudimba. Ukaiona kunja umangoti yatsekeka chapakati apa, ungadule polakwika. Koma utakhala ndi diso lolowa mkati, matope uwaona pamene ali.

Ndinawauza abambo kuti tinyamuke. Abambo anangoyang'ana pansi.

"Ine pano ndine mkamwini. Funsani eni ake."

Eni ake ndi atsibweni, mlongo wawo wa amayi, mwini mbumba. Amakhala ku Chidzolomondo, ku Macanga, kumene anapita kukalima fodya. Amayi angakhale ndi zidzukulu, koma mpeni wachipatala suwakhudza atsibweni asanati eya. Tinawaimbira. Anabwera panjinga yamoto patatha masiku anayi. Masiku anayi!

Tinakhala pakhonde masana. Ndikanangonena kuti adotolo akufuna kutsegula mtsempha, mwina bwenzi atavomera. Koma ine pakamwa sipatsekeka. Ndinafuna aone kuti mphwawo ndi katswiri.

"Atsibweni, taonani nokha, si zoopsa ayi."

Ndinawayatsira vidiyo ija ndinkaikonda kwambiri. Ine ndinkadikira pamene kadiso kamaonetsa mkati mwa mtsempha, pozungulira pokongola paja. Ndinaiwala kuti kumayambiriro amabaya singano mphechepeche mwa ntchafu, magazi n'kubwerera m'kabotolo.

"Imitsa!" anakuwa atsibweni. "Bweza. Bwezanso. Magazi awo akupita kuti?"

"Ndi ochepa, atsibweni, amangofuna kuona ngati alowa mumtsempha."

"Nanga chingwe chachitalicho? Chonsecho chikulowa mwa munthu? Iwe, ukudziwa anamapopa iwe? Kale ankabwera mozemba. Lero avala zoyera, akukuuza kuti umubweretse wekha mayi wako, iwe n'kumaseka!"

"Si chopopera, ndi choonera!"

"Choonera? Diso limalowa m'magazi? Sukulu unasiyira panjira, lero foni yakusandutsa dotolo. Dotolo wapachulu!"

Abambo anaseka pang'ono. Kuseka! Sindinawakhululukire kuseka kumeneko mpaka lero. Amayi ankangosisita bondo. Tsiku lomwelo atsibweni anawakweza panjinga yamoto, ati ku Chidzolomondo kuli munthu wodziwa kutsitsa magazi m'mwendo. Giya ija inatsala m'thumba mwanga. Tsiku limene anatilembera linafika, linadutsa.

Munthu wodziwayo anawatema mphini. Kuzungulira akakolo, pamwamba pa phazi, mpaka m'mbali mwa zala. Tangoganizani: phazi limene magazi sakufikako, iwe n'kulicheka ndi lezala. Lipola ndi chiyani? Zimenezi ine ndinali nditaziwerenga. Ndinkaimba, atsibweni osayankha. Ndinkatumiza mauthenga amawu, ataliatali, ena ndikulira, ena ndikutukwana. Sankawatsegula n'komwe.

Patapita masabata angapo foni inalira, nambala yachilendo. Anali amayi, atabwereka foni kwa mayi woyandikana nawo.

"Mwanawe, bwera udzanditenge. Phazili layamba kununkha."

Ndinafika ku Chidzolomondo tsiku lotsatira, fumbi mpaka m'makutu. Amayi anali pamphasa kuseri kwa chigafa cha fodya, phazi atalikulunga chitenje, ntchentche zili ng'waa. Nditavundukula ndinatembenuka. Zala zitatu zinali zakuda bii, mphini zonse zili pululu, zikutuluka madzi.

Atsibweni anatuluka m'chigafa, masamba a fodya ali m'manja.

"Wabwera ndi chingwe chako chija?"

Zimene ndinawayankha sindingazilembe. Ndinalankhula mpaka anthu anasonkhana. Ena ankati mwana wopanda mwambo. Pronto, chabwino, ndilibe. Koma amene anatseka nkhani si ine. Ndi amayi, ndi mawu otsika, osakuwa.

"Alongo, mbumba ndi yanu. Mwendowu ndi wanga. Ndikupita."

Atsibweni anangoti, "Mukakafa musadzandiitane," n'kulowanso m'chigafa.

Tinayambiranso pachiyambi. Giya ina, mzere wina, ulendo wautali woti amayi mwendo ali pamiyendo panga njira yonse. Kumzinda kuja anawalowetsa kachubu kaja. Atamaliza, adotolo a kumeneko, bambo wa imvi, ataona kuti mafunso anga sakutha, anandionetsa zithunzi. Chozungulira chotuwa, pakati kabowo kakang'ono ngati diso la singano.

"Chithunzi chakunja chinkaonetsa malo amodzi," anatero. "Talowa mkati tapeza awiri. Ena anali obisika, khoma lake louma gwa. Tikanatsegula amodzi okha, mukanabweranso. Ndiponso tayeza kukula kwa mtsempha, kuti kachitsulo kotsegulira kakhale kokwanira ndendende, osakula, osachepa."

Ndinafunsa za zala. Anapukusa mutu: zonse zitatu zinali zoti zidulidwe.

"Mukanabwera tsiku loyamba lija, mwina chimodzi chokha. Mwina osataya n'chimodzi chomwe."

Mawa lake ndinagwira mwendo wa amayi. Unali wofunda. Ndinalira, koma si kulira kwachimwemwe kokha ayi. Kadiso kaja kanaona zoona mkati mwa mtsempha wowonda ngati udzu. Ife anthu amaso awiriawiri tinakanika kuona phazi likuwola pamphasa. Ndi inenso ndili momwemo, ndi vidiyo yanga ija. Ndikanaidula kumayambiriro. Kudula vidiyo ndimadziwa, ndimadulira anzanga tsiku lililonse.

Amayi atayamba kuyenda, atsibweni anabwera ndi nkhuku. Anakhala pakhonde lomwe lija, anayang'ana mwendo, anagwedeza mutu.

"Mwaonatu? Mphini zija zinatsegula njira. Achipatala angomalizitsa."

Abambo anayang'ana pansi. Amayi ananditsina kuti ndisayankhe. Ndinanyamuka. Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga patapata wa amayi ndi kansalu kaja, ndinaziika pamiyendo pa atsibweni.

"Amayi akufuna kupita kudimba. Lero muwamange ndinu, eni ake."

Atsibweni anagwada pamapazi pa amayi. Anafunafuna chala chokolekapo, osachipeza. Anamanga, patapata anavuka. Anamanganso, anavukanso. Ine ndinangoima pomwepo, manja ndili m'chiuno, osawathandiza.