Ngolo ya Atelala ndi Mng'ono Wanga

Atelala aja anali mnzanga ine, osati wa mng'ono wanga. Anali Msilamu, ankasoka pakhonde la sitolo ina pa Mponela, ndipo ndikachoka ku Chezi komwe ndinkaphunzitsa, ndinkati ndikangoonetsa khadi la chipani pamsika, ulendo pakhonde pawo kukacheza mpaka dzuwa kupendeka.

Chaka china ndinagula mapepala osungira ndalama, aja amabereka chiwongoladzanja. Ndinawauza kuti nawonso agule.

"Aphunzitsi, ndiyambe ndafunsa ashehe," anatero.

Anapalasa njinga kudutsa mapiri a Ntchisi mpaka ku Nkhotakota. Atabwerako ndinawapeza akumwetulira.

"Ashehe andifunsa kuti kuseri kwa pepalalo kuli chiyani. Akuti ngati kuli chinthu chogwirika, kaya chigayo kaya ngolo, ndipo chikawonongeka nanenso ndilira nawo, phindu lake n'lololedwa. Koma ndalama yongobereka inzake ili chigonere, imeneyo ndi riba, katapira. N'haramu, n'zoletsedwa. Bwanji tigule ngolo, ine ndi inu?"

Ndinakana. Zanga zinali kale m'mapepala.

Mng'ono wanga, mlimi wa fodya ku Msakambewa, amene sukulu analekezera panjira, ndiye anavomera. Awiriwo anagula ngolo ndi ng'ombe ziwiri, n'kumatuta chimanga ndi mabelo a fodya a anthu. Kuyambira pamenepo, ndikafika pakhonde ndinkapeza mpando wanga uli ndi mwini. Nkhani zawo zinali za magoli ndi matayala. Atelala ankamutcha "achimwene", pamene ine ndinakhalabe "aphunzitsi". Pa Idi mpunga wa nyama unapita ku Msakambewa. Mkazi wanga atandiuza, ndinangoti mpunga sindiukonda.

Kenaka ng'ombe imodzi inathyoka mwendo pamtsetse wina ku Dowa. Mumtima ndinati eya, tsopano akangana. Ndinapita kukaona. Ndinapeza atelala ataizinga kale mwachisilamu, awiriwo akugulitsa nyama pansi pa mtengo, manja ali magazi okhaokha, akuseka za mmene mng'ono wanga anagwera m'matope.

"Taluza tonse, aphunzitsi," anatero atelala, n'kundipatsa chiwindi chokulunga m'masamba a nthochi.

Mapepala anga anabereka ndithu, monga analonjezera. Ndinagula wailesi. Iwo zinawatengera zaka ziwiri kuti apeze ng'ombe ina, ndipo tsiku lokaigula anapita awiriwiri pa njinga imodzi, mng'ono wanga akupalasa. Anadutsa pasukulu pathu n'kundibayibitsa ndili m'kalasi.