Mapewa a aNyashaba

Nditafika ku Mzimba Boma mu 1976 kudzaphunzitsa, kuchokera kwathu ku Dedza, ndinapeza nyumba moyandikana ndi bambo Kalebe Jere, wosema ng'oma. Munthu wake anali wamfupi, woseka ndi thupi lonse, koma wamakani ngati mbuzi yokana chingwe. Ankafukula chipika ndi sompho mpaka mkati mwake mutayera, n'kukunga chikopa cha ng'ombe ndi zikhomo, n'kumata phula pakati. Ng'oma zake zinkavinitsa anthu mpaka ku Embangweni.

Chinsinsi ndinachitulukira mochedwa. Akuluwa makutu anali atatha kalekale ndi phokoso la macheka kumene ankagwira ntchito ali mnyamata. Mawu a anthu ankangotola pamilomo. Nanga akanagula ndani ng'oma kwa mmisiri wosamva? Ndiye akaiwamba pamoto, ankaiyesa akuyang'ana akazi awo, aNyashaba, ali pa ntchito zawo. Mapewa a mayiwo akangoyamba kugwedezeka, basi ng'oma yapsa. Akakhala chilili, ankaibwezera pamoto.

Chaka china amayi a chipani anaitanitsa ng'oma yatsopano yovinira pa 6 Julaye. Mwatsoka, aNyashaba anali ku Jenda, mwana wawo atachira kumene. Kutatsala masiku awiri, ndinawapeza a Jere atakhala ndwii, ng'oma ili pakati pa miyendo.

"Imbani ndikumvereni ine," ndinatero, ndikuloza khutu langa.

Anandiyang'ana kuyambira kunsapato. "Yewo chomene, aphunzitsi. Koma inu mumavina ngati mukupha nyerere."

Zinandiwawa, sindibisa, ngakhale sankanama.

M'mawa mwake anamangirira ng'oma panjinga, ulendo wa ku Jenda, mtunda wonsewo. Ine ndinabwereka njinga ya ahedi n'kuwatsatira, poopa kuti afera panjira. Amene anatsala pang'ono kufa ndine. Tinafika dzuwa litapendeka.

A Jere sanapereke ndi moni womwe. Anasonkha moto wa mapesi pabwalo, n'kuwamba ng'oma, n'kuyamba kuimba. ANyashaba anatuluka atanyamula kamdzukulu, nkhope ili gwa. Mapewa osasuntha. A Jere anaibwezera pamoto, thukuta lili kamukamu. Ataimbanso, phewa lakumanzere linanyamuka, lakumanja n'kutsatira, kenako mayi uja ndi khanda lomwe anali pakati pa bwalo.

A Jere anaseka mpaka misozi. "Mbwenu yapya," anatero m'Chitumbuka, kutanthauza kuti basi yapsa.

Pa 6 Julaye amayi anavina mpaka fumbi kukwera pamwamba pa mitengo, ndipo dzina la a Jere linakhala pomwe linali.

Patapita masiku ndinawafunsa aNyashaba kuti anagwirizana liti za chizindikiro chimenechi.

"Kugwirizana chiyani?" anatero akupeta nyemba. "Iwo sanandiuzepo kuti samva, inenso sindinawauzepo kuti ndikudziwa. Zaka makumi awiri ndi zisanu tsopano. Ndipo inu aphunzitsi, pakamwa panupo mutseke."

Ndinatsekadi, mpaka onse awiri atapita.