Chaka Chimene a Ubaldo Sanapente Nyumba

Mumsewu wa kuseri kwa msika m'tauni ya Sahagún mulibe khoma limene silinalaweko burashi ya a Ubaldo Paternina. Anayamba kupenta ali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo chaka chimene ndikunenachi anali atapitirira makumi asanu ndi awiri, msana utayamba kuwerama, zikhadabo zosayeranso ngakhale atazikwecha ndi mchenga. Munthu wake ngwofatsa, bola wina asatchule matailosi.

Lamulo lawo linali limodzi: penti poyamba, pansi pomaliza. Uyambe kudenga, utsike ndi makoma, penti idonthe mmene ikufunira pa simenti yakale, kenako wa matailosi adzakwirire uve wonsewo. Ukawauza zoyala nyuzipepala pansi, ankakuyankha kuti nyuzipepala ndi yowerenga.

Tsoka lake anakwatira a Casilda, ndipo a Casilda ali ndi mlongo wawo, a Nicanor, mmisiri woika matailosi. A Nicanor ankati pansi ndiye poyamba, chifukwa fumbi la podula matailosi limadetsa khoma latsopano. Zaka makumi atatu akhala akukangana zomwezi Lamlungu lililonse pakhonde, khofi akuzizirira m'makapu. Kawiri konse eni nyumba anawachotsa ntchito onse awiri atatopa kudikira kuti agwirizane woyamba ndani. Ankakondana kwambiri anthu awa, koma musayerekeze kuwauza.

Disembala akamayandikira aliyense amapenta nyumba, wolemera ndi wosauka yemwe, ndipo ya a Ubaldo ndiyo inkayamba. Mtundu ankasankha ndi a Casilda. Chaka chimenecho anasankha wachikasu, koma asanauone pakhoma anapunthwa atanyamula poto wa chinangwa, n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Chinawagwetsa ndi mng'alu wa pa simenti, pakati pa balaza ndi khitchini. A Ubaldo ankaudziwa bwino mng'aluwo. Chaka ndi chaka ankaupaka penti yofiira, mosalala bwino, mpaka unasiya kuoneka. Kusiya kuoneka, osati kuchoka.

Mwana wawo Yolima anabwera kuchokera kumzinda wa Barranquilla, ndipo sanazungulire.

"Bambo, amayi atuluka m'chipatala Loweruka. Matailosi ndagula, penti yanu munagula kale. Ndikadzapeza pansi pali chonchi, ndiwatenga akakhale kwanga. Ndipo sabweranso."

"Iwe Yolima, ukuyankhula ndi bambo ako."

"Ndikudziwa, Bambo. N'chifukwa chake ndakuuziranitu."

A Ubaldo anachita mantha, mantha enieni. Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi anali asanadyepo chakudya cham'mawa okha, ndipo masabata awiri a kuchipatalawo anali atawakwana kale.

Lolemba m'mawa a Nicanor anafika ndi chingwe ndi levulo yawo yoonera ngati pansi pali pofanana. Anayeza uku, anayeza uko, akuimba kamluzu konyasa.

"Masiku anayi kuika, lachisanu osapondapo ngakhale mphaka. Ndiyamba lero."

"Mundipatse awiri okha, alamu. Denga ndi makoma basi."

"Awiriwo muwatenga kuti? Mukayamba ndi chikasu chanucho, mlongo wanga akadyera Khirisimasi kumzinda."

"Ndiye ndidzapente pamwamba pa matailosi atsopano? Ine? Ndi manja onjenjemerawa?"

"Kaya. Mkazi ndi wanu."

A Ubaldo anayang'ana zitini za penti zili ndandanda pakona, anayang'ana mng'alu wofiira uja.

"Yambani."

"Mwati chiyani? Khutu ili linagontha ndi makina."

"Ndati yambani, mfiti inu!"

A Nicanor sanaseke, ngakhale anadikira mawu amenewa zaka makumi atatu. Anangowapatsa chidebe.

Sabata yonse mmisiri wa penti anakhala wonyamula mchenga. Ankaviika matailosi m'madzi, kukanda simenti, kugwada mpaka maondo kutupa. Tailosi ikaikidwa, ankaisisita m'mphepete ndi chala, ndipo ikatukuka pang'ono pokha ankalimbikira kuti izulidwe. A Nicanor anawanenera zotukwana za mitundu yonse, koma ankazula.

Kunjaku msewu unali kuwala. Uyu wapaka wobiriwira, uyo wabuluu, wina wapinki wothobwa m'maso. Nyumba ya a Ubaldo yokha ndiyo inali mbuu, ndi fumbi la simenti mpaka m'mawindo.

"A Ubaldo, penti yatha m'dziko muno?" anakuwa mayi wogulitsa tchizi podutsa.

"Burashi yapita kutchuthi!" anayankhira wina tsidya la msewu.

A Ubaldo anakweza dzanja ngati nawonso akuseka. Koma zinkawapweteka, ndipo kukagula buledi ankadzera njira yakuseri.

Loweruka masana takisi inaima pakhomo. Yolima anatsika yekha, kusiya amayi ake m'kati, n'kuuza dalaivala kuti asazimitse injini. Sutikesi ya amayi ake anaisiya m'galimoto momwemo. Analowa, anavula nsapato, n'kuyamba kukhwekhwereza phazi pa mzere uliwonse, kuyambira pakhomo mpaka kubafa. A Ubaldo ndi a Nicanor anaima kukhoma ngati ana asukulu oyembekezera chikwapu. Yolima atamaliza anavala nsapato. Anatuluka kukatenga amayi ake.

A Casilda anafika pakhomo atagwira choyendera chachitsulo cha miyendo inayi, ataonda, tsitsi litayera kuposa kale. Anayang'ana makoma, anayang'ana denga.

"Nkhalamba iwe, Disembala yonseyi nyumba yanga ili chonchi? Ndinakwatiwa ndi mmisiri wa penti kapena wowotcha makala?"

"Tayenda kaye, mayi. Ukanditukwanire kukhitchini."

Anayenda. Chitsulo patsogolo, phazi, phazi linzake. A Ubaldo anali pambuyo, manja ali tambasu koma osawagwira. Pakhomo la khitchini a Casilda anaima mwachizolowezi, n'kukweza phazi kuti adumphe. Panalibe chodumpha. Analitsitsa pang'onopang'ono, n'kupitirira mpaka pampando wawo wachikopa.

"Khofi alipo m'nyumba muno, kapena nayenso akudikira penti?"

A Ubaldo anatembenuka kuti aone nkhope ya mwana wawo, koma Yolima panalibe. Kunja kunamveka chitseko cha galimoto, phaa, kenako injini ikutalikira. Anasuzumira pakhomo mwamantha.

Yolima analowa akukoka sutikesi, maso ali psuu.

"Bambo, ndikaike kuti iyi?"

A Ubaldo anangoloza kuchipinda ndi chala chotuwa ndi simenti.