Dzanja Lamanzere la aChipeso

Kashopu kanga kokonzera mafoni n'kogundizana ndi saluni ya aChipeso. Khoma lotilekanitsa ndi la matabwa, ndiye nkhani za mu saluni sindichita kuzifunafuna, zimandipeza ndili pampando. Akazi anga amati ndine kazitape. Ine ndimawayankha kuti makutu alibe chivindikiro.

Dzina loti aChipeso tinawapatsa ndife, chifukwa chipeso chamchira wautali sichichoka m'tsitsi mwawo ngakhale akupita kuchipatala. Ntchito yawo ndi yoluka tsitsi. Ena amaluka kuti mutu ungophimbika basi, koma iwo amayamba auzungulira mutu wa munthu, kuuyang'ana pamphumi, m'mbali, kunkhongo, kenako n'kunena kuti, "Mutu wanuwu ukufuna mizere yokhota." Kasitomala satsutsa.

Chimene chinkandichititsa chidwi ine si mizereyo ayi, koma dzanja lawo lamanzere. Zaka zonse zimene takhala moyandikana ndinali ndisanalione bwinobwino. Poluka linkabisala m'tsitsi, zala zikuthamanga. Akangomaliza, linkalowa m'thumba la epuloni. Moni, chenji, kapu ya tiyi, zonse ndi lamanja. Ndinangomvera pakhoma kuti anapsa ndi madzi owira akadali mwana wokwawa. Zambiri sananene, ndipo ine, ngakhale lilime langa ndi lalitali, sindinafunse.

Amene ndinawatsegulira tsamba pa intaneti ndine. Akamaliza kuluka ankajambula mutuwo chakunkhongo, nkhope osaoneka, n'kuika chithunzicho patsamba. Makasitomala anachuluka mpaka benchi yanga inasamukira pakhomo pawo osatsanzika.

Tsiku lina analowa m'shopu mwanga foni ili m'manja, nkhope itagwa.

"AMafoni, taonani ichi. Mutu uwu ndinaluka ndine. Mpandowu ndi wanga, onani pong'ambika apo. Nanga zafika bwanji patsamba la anthu awa?"

Linali tsamba la saluni ina yaikulu, ya magalasi mpaka kudenga. Pansi pa chithunzi cha aChipeso, eni saluniyo analemba kuti ndi ntchito ya manja awo. Ndinawaonetsa mmene zimachitikira: munthu amangodinikiza chala pachithunzi, n'kuchisunga mu foni yake.

"Basi?" anafunsa. "Ine msana kuwawa tsiku lonse, iye chala chimodzi?"

Ndinadziguguda pamtima kuti zimenezo n'zazing'ono, andisiyire ine. Tinayamba kulemba dzina la saluni pakona ya chithunzi chilichonse. Akubawo ankangodula konayo ngati mmene timadulira powola pa nthochi. Tinalisunthira pakati, koma zilembo zinaphimba mizere, ndipo palibe amene amasirira tsitsi limene sakuliona. Tinalipanga kukhala lozimiririka. Akubawo analifufuta ndi timapulogalamu tawo. Ndinafika powakonzera aChipeso katsamba kena koti ukadinikiza chala sikalola kusunga chithunzi, ndipo ndinayenda monyada mlungu wonse. Anthuwo anangojambula sikirini. Pamenepo ndinavula chipewa, n'kuwauza aChipeso chilungamo kuti chimene diso laona pa foni, foniyo itha kuchitenga.

Chimene chinawalasa mtima chinabwera ndi mayi wina wogwira ntchito kubanki. Mayiyu anapita ku saluni yaikulu ija atakopeka ndi chithunzi, ndipo anatulukako mizere ili yokhotakhota ngati njira ya munthu woledzera. Mnzake ndiye anamulozera kuno kuti adzamukonze. Atakhala pampando anaona chithunzi chomwecho chitamatidwa pambali pa galasi.

"Inunso muli nacho chimenechi?" anatero. "Kodi mwini wake weniweni ndani? Paja anzanu aja ali ndi owatsatira ambiri kuposa inu."

Kuseri kwa khoma ndinadikira yankho, koma kunangomveka chipeso. AChipeso anamasula mutu wonse, n'kuyamba kuluka mwatsopano. Ine zinandipweteka. Kubedwa n'kwina, koma kuyesedwa wakuba pa thukuta lako lomwe n'kwinanso.

Titatsala pang'ono kuweruka anaima pakhomo panga.

"AMafoni, kodi chimene sangathe kudula kapena kufufuta n'chiyani?"

"Chimene chili m'kati mwa ntchitoyo, mayi, chogwirana nayo. Choti akachichotsa aononga mizere yomwe akufunayo."

Anagwedeza mutu n'kumapita. Ndinkaganiza kuti mwina agula riboni kapena mikanda.

M'mawa mwake anandiitana kuti ndidzawajambulire, poti manja awo onse akhala otanganidwa. Kasitomala anali atatembenukira kukhoma, mizere ikuwala mafuta. Ndinakweza foni n'kudikira kuti dzanja lichoke monga mwa nthawi zonse. Silinachoke. Linakhala paliwombo pa mayiyo, zala zitalowa pakati pa mizere. Khungu lake linali losalala, lonyezimira, lotuwa malo ena. Kachala kakang'ono kanamatirana ndi chinzake mpaka pakati, ndipo chala chapakati chinali chopindikira m'mbali, chopanda chikhadabo.

"Jambulani msanga ndisanasinthe maganizo," anatero, maso ali kumbali.

Kuyambira tsiku limenelo, chithunzi chilichonse chinali ndi dzanjalo. Pa intaneti sipasowa amwano, ndipo ena analemba zimene sindingabwereze pano. Koma akuba aja anagwira njakata. Akalidula dzanja, theka la mutu linkapita nalo. Akalifufuta, mizere inkasungunuka ngati kandulo. Saluni ina inaba chithunzi dzanja lili pomwepo, ndipo tinamva kuti kasitomala atafika kumeneko anati, "Ndionetseni kaye manja a oluka anu." Azimayi ofika koyamba kwa aChipeso ankayamba kuyang'ana dzanja asanapereke moni, akaliona n'kukhala pansi mtima uli m'malo.

Ine ndinkati nkhani yatha. Ndinali ndisanaonane ndi amayi awo a aChipeso.

Anafika masana ena, mayi wachikulire wamfupi, ambulera ali m'khwapa. Sanalowe mu saluni, analunjika kwa ine. Mpongozi wawo ndiye anali atawauza za zithunzizo.

"Ndinu bambo amene mwamuyanika mwana wanga pa dziko lonse? Muchotse zimenezo lero lomwe."

Ndinawapatsa mpando n'kuwauza kuti wochotsa ndi mwini tsamba. Khoma lija limagwira ntchito mbali zonse ziwiri, ndiye posakhalitsa aChipeso anatulukira, dzanja lili m'thumba la epuloni.

"Iwe," anatero amayiwo, "ndinakuphunzitsa chiyani uli wamng'ono? Dzanja m'thumba. Ukufuna anthu aziti chiyani? Aziti unalibe mayi wokuyang'anira?"

Apo m'pamene ndinazindikira kuti manyazi amene aChipeso anawasenza zaka zonsezi sanali awo okha.

"Amayi," anayankha mofatsa, "anthu akuti mitu imeneyo ndinaluka ndine. Ndikachotsa dzanjali, ntchito yanga ibwereranso kwa eni magalasi aja. Sindichotsa."

Ndinali ndisanawamvepo akukana chinthu chotero. Amayiwo anati aone chithunzicho. Ndinawapatsa foni, n'kuwaonetsa mmene amakulitsira ndi zala ziwiri. Mizere sanaiyang'ane n'komwe. Anakulitsa dzanja mpaka linadzaza sikirini yonse, n'kuliyang'ana nthawi yaitali.

"Chala ichi chimagwira ntchito?"

"Chimagwira, amayi. Ndi chimene chimapana tsitsi kuti lisathawe."

"Chipolereni sindinaliyang'anepo," anatero amayiwo, mawu ali pansi. "Ndinkakusambitsa maso ali kwina."

AChipeso anawalanda foniyo pang'onopang'ono n'kuiika pambali. Anatulutsa dzanja m'thumba n'kuligoneka patebulo panga, pakati pa tizitsulo ndi mabatire. Amayiwo analitenga ndi manja awo awiri, n'kuyendetsa chala chachikulu pa chipsera chonse, kuchokera pamkono mpaka kunsonga. Za kuchotsa zithunzi sanazitchulenso. Ine ndinatola foni ya munthu wina imene ndinali nditakonza kale, n'kuyamba kuimasulanso, chifukwa maso anga anali atayamba kundichititsa manyazi.

"Limakuwawabe?" anafunsa amayiwo.

"Linasiya kalekale, amayi."