Malaya a Reino Kangas pa Khoma la Msasa

Reino Kangas sindinamukondepo, ndipo iyenso sanayesepo kuti ndimukonde. Takhala moyandikana zaka makumi atatu kuno kumpoto kwa Michigan. Ankagwira ntchito pamakina ochekera matabwa, ndipo moni wake kunali kungogwedeza mutu.

Chaka chatha mu Malichi anagwa ali pantchito, mtima utayamba kugunda mosalongosoka. Madokotala anamuika kachipangizo pachifuwa, m'munsi mwa phewa lamanzere, koti mtima ukasokonekera kaziumenya ndi magetsi kuti ubwerere m'malo mwake. Palibe amene anamufunsa phewa limene amawomberera mfuti, ndipo iye sananene. Reino ndi wamanzere.

Kachipangizoko kanamumenya kamodzi, mu Juni, akutchetcha udzu. Ndinamuona atagwada, nkhope ili mbuu. Nditathamangira, anandikalipira.

"Ukuyang'ana chiyani? Pita ukatchetche kwako!"

Kuyambira tsikulo anasiya khofi, masitepe ankakwera ngati nkhalamba, ndipo ankayenda dzanja lili pachifuwa. Zoti akuopa sananenepo. Anangowonjeza ukali. Mkazi wake Darlene akamufunsa kuti akumva bwanji, yankho linali kumenyetsa chitseko.

Pa 15 Novembala timalowa m'nkhalango kukasaka mbawala. Kumsasa kwathu munthu akawombera n'kuphonya, timamudula nsalu ya kumunsi kwa malaya n'kuikhomera pakhoma, dzina lake litalembedwapo. Zanga zilipo zinayi. Ya Reino panalibe, zaka makumi anayi zonse, ndipo ankatikumbutsa chaka chilichonse. Koma tsopano dokotala anali atamuletsa kutsamiritsa mfuti paphewa lamanzere, poti ikakankha ingawononge nthambo zopita kumtima.

M'mawa wa tsikulo mlamu wake Duane ananolera mpeni pamaso pake.

"Alamu, mwavala malaya abwinotu lero. Darlene akudziwa kuti abwerako atafupika?"

"Tseka pakamwa, Duane."

"Kapena mutsale muzitiphikira nyemba. Batire likakutherani m'tchiremo, ife sitikukankhani ngati galimoto."

"Ndikafa usadzanyamule nawo bokosi langa," anatero Reino. "Ungadzaphonye dzenje."

Ndinakabisala naye pamalo amodzi chifukwa Darlene anandipempha kuti ndizimuyang'anira, ndipo Reino ankadziwa. Tinakhala pamenepo maola atatu. Kenako mbawala yamphongo, ya nyanga zanthambi, inatulukira pakati pa mitengo. Manja a Reino anachita zimene anazolowera. Mfuti inakwera paphewa lamanzere n'kugunda kachipangizo kaja. Anauma thupi. Ndinkamva kupuma kwake, ndipo thukuta linali kamukamu ngakhale kunkagwa chipale chofewa.

Akanatha kungotsitsa mfutiyo. Wosawombera sadulidwa malaya, ndipo ine sindine wamiseche. Akanathanso kuwombera kumanzere komweko, nyama n'kugwa, zinazo n'kukazionera kuchipatala. Iye anasamutsira mfuti kumanja, movutikira ngati munthu wovala nsapato za mnzake, n'kuwombera. Khungwa la mtengo linathetheka. Mbawala inalumpha n'kupita.

Anakhala duu, dzanja pachifuwa, kudikira kumenyedwa. Tinadikira tonse. Kachipangizo sikanachite kanthu.

"Ukangonena kuti ndayesetsa, chipolopolo chinacho n'chako," anatero.

"Sindimati ndinene zimenezo. Waphonyera patali, mkono wathunthu."

Kumsasa Duane anatichingamira akuimba mluzu, mpeni uli m'manja, poti kulira kwa mfuti anali atakumva ndipo nyama sanaione. Reino anamulanda mpeniwo n'kudula yekha, chinsalu chachikulu mpaka msana kuonekera. Anachikhomera pamwamba pa nsalu zisanu ndi ziwiri za Duane, ndi misomali itatu, n'kulemba dzina lake m'zilembo zikuluzikulu. Palibe anaseka. Anadya nyemba zake atatifulatira.

M'mawa mwake anamenya bedi langa ndi nsapato.

"Dzuka, mlonda wa Darlene. Ndatsala ndi malaya awiri."