Makutu a Wokonza Mawailesi

A Mawailesi, monga timawatchulira, akhala m'kachipinda komweko zaka makumi anayi. Kali pakati pa shopu ya telala ndi sitolo ya utoto. Mkati muli tebulo limodzi, babu lolendewera pa waya, ndi mashelefu odzaza mawailesi amene eni ake anawaiwala. Panja pali benchi, ndipo pamenepo timakhala ife okalamba anzawo.

Ntchito yawo amaigwira ndi makutu. Munthu akabwera ndi wailesi, iwo safunsa zambiri. Amaiyatsa, amapendeketsa mutu, kenako n'kunena kuti lamba watha kapena sipika yang'ambika. Akatsegula zimapezeka momwemo.

Pali woimba mmodzi amene tonse a pabenchi tinakula naye. Sitinakumanepo naye, koma timamutchula kuti Mnzathu. Iye ndi a Mawailesi anabadwa chaka chimodzi, ndipo a Mawailesi salola kuti munthu aiwale zimenezo. Zimbale zake zakale ali nazo zonse pa makaseti.

Makaseti atasiya kugulitsidwa, zimbale zatsopano zinayamba kubwera pa sidi. Ife a pabenchi makina a sidi tinalibe, koma m'shopumo munali kamakina kamodzi ka sidi kongolumikiza ndi waya. Choncho a Mawailesi ankagula sidi imodzi, n'kuijambulira pa makaseti, aliyense yake. Ankajambulira pa makina akale a pashelefu yakumbuyo, opanda sipika, chifukwa sipika yake anaichotsa kalekale kuti akonzere wailesi ya mayi wina. Sankadandaula nazo. Lamulo lawo linali lakuti chimbale chatsopano cha Mnzathu munthu samvera yekha ngati wakuba. Ankadikira benchi idzaze, ndiye aike kaseti mu wailesi yapatebulo.

Zimbale zitatu zomaliza zinatikhumudwitsa. Mawu a Mnzathu anali olemera, ng'oma zikukoka miyendo. Woyamba kunena anali a Mawailesi, nyimbo yoyamba isanafike pakati. Anati watsika, osati kwambiri, koma watsika. A Telala, omwe sasowa chonena, anati akuimba ngati munthu wokwera chitunda atasenza matumba awiri a simenti. A Dalaivala, amene anapuma ntchito ya mabasi, anamuikira kumbuyo chimbale choyamba. Pa chachitatu anangoti injini ikatha yatha.

A Mawailesi sankaseka nawo. Nthawi yomweyo mwana wawo wamkazi anali atayamba kuwanyengerera kuti atseke shopu akakhale kwa iye. Chipinda anali atawakonzera kale. Ankati bambo ake akukweza wailesi mopitirira, ndipo akawaimbira foni amachita kuwabwerezera mawu kawiri kuti amve. Iwo anamulonjeza chinthu chimodzi: tsiku limene makutu adzawanamiza pa ntchito, adzatseka okha popanda wowakoka dzanja.

Lolemba lina a Telala anabwera asanatsegule n'komwe shopu yawo. Dzulo lake anakwera galimoto ya mkamwini wawo, ndipo mkamwiniyo anaika chimbale chachitatu chomwecho. Anati poyamba sanachizindikire. Nyimbo zinali kuthamanga bwinobwino, mawu ali pamwamba, mpaka anayamba kugwedeza phazi pamaso pa mkamwini.

"Achimwene, amene wakalamba si Mnzathu ayi," anatero a Telala. "Zaka zisanu mwakhala mukutimwetsa nyimbo zosasa. Makutu anuwa apumitseni."

Ananena moseka. A Dalaivala anayamba kuyang'ana nsapato zawo. Tonse tinkalidziwa lonjezo lija.

A Mawailesi anaimirira. Analowa, natsitsa makina ojambulira, nawapukuta fumbi ndi mkono wa malaya. Anachotsa sipika mu wailesi ina yakufa n'kuilumikiza. Kenako anatenga kaseti yakale ya Mnzathu, yogula m'sitolo, imene amaidziwa ngati chikhatho chawo, naiika m'makinawo.

Mnzathu anatuluka ndi mawu a kamnyamata, akuthamanga ngati basi ikumusiya.

Anazimitsa. Anamasula zomangira zinayi, naziika m'chivundikiro cha botolo kuti zisatayike, natsegula. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako analoza kagudumu ka pa mota, kamene kamazunguza lamba. Kanali koyera kuposa tinzake. Anakumbukira kuti kakale kanasweka, ndipo anaikapo kena kochokera m'makina a mtundu wina. Kanakwana bwino, koma kanali kokulirapo pang'ono. Ndiye makinawo ankakoka tepi mothamanga pojambula. Tepi yojambulidwa mothamanga ikalowa mu wailesi yabwino imayenda pang'onopang'ono, mawu n'kutsika. Popeza makinawo analibe sipika, panalibe amene anawamvapo akulira.

A Telala anati ndiye kulakwa n'kwawobe. A Mawailesi anavomera kuti manja analakwa. A Dalaivala ndi amene anaona mbali inayo.

"Dikirani, a Telala. Tsiku loyamba lija, anati Mnzathu watsika ndani? Inu munali mukuvinavina pabenchi pano mpaka iwo atanena."

"Sindinavine. Ndinkakonza thalauza."

"Munavina. Kagudumuka mwakaona kuchepa kwake? Kusiyana kwake n'kochepa ngati chikhadabo. Munthu wogontha angakumve?"

A Mawailesi anakhala pampando wawo, manja pa mawondo, napuma mpweya wautali. Anati zaka zisanu akhala akumumvera chisoni munthu wosadwala, akudzimvera chisoni ndi iwo omwe.

Anafufuza m'chitini cha tizitsulo mpaka anapeza kagudumu koyenera. Liwiro analikonza ndi khutu, akupotoza pang'onopang'ono, kaseti yakale ija ikulira, mpaka Mnzathu anabwerera pa msinkhu wake. Atamaliza analumikiza kamakina ka sidi ku sipika, ndipo tinamvera chimbale chachitatu monga anachiimbira mwini wake.

Mawu akalambadi pang'ono, makamaka akamakwera. Koma mphamvu ilipo, ndipo pali nyimbo ina ya gitala yekha imene sitinaiganizirepo kuti ndi yabwino chotero. A Dalaivala anapempha kuti ibwerezedwe. A Telala anati chachitatu achikhululukira, koma chachiwiri n'choipabe, ngakhale chithamange ngati njinga yopanda mabuleki. Anakangana mpaka kasitomala wa a Telala anabwera kudzawakoka kuti akamuyeze jekete.

Masana mwana wawo anaimba foni. A Mawailesi anamufotokozera zonse, za kagudumu ndi za a Telala, osabisa kuti analakwitsa. Tinamumva akuseka. Anawafunsa ngati chipinda chija achisungebe.

"Ikamo makina ako osokera, mayi," anatero. "Ine ndili ndi makaseti a anthu oti ndijambulenso."

Anatiuza kuti mawa aliyense abwere ndi ake atatu, ndipo a Telala akhala omaliza.